Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Ine ndikudana nalo khalidwe lomangoombera m'manja chilichonse chimene wachinyamata wajambula. Kuno ku Lobi anyamata ndi atsikana ena ayamba kujambula zithunzi pa foni ndi pa kompyuta. Akationetsa timangoti, "Zakongola, pitiriza!" ngakhale dzanja la munthu wa pachithunzipo likuoneka ngati mphanda ya mtengo. Kodi kumeneko n'kulimbikitsa? Ayi, n'kumunamiza mwanayo. Tsiku limene adzapite nazo kwa ogula ku Lilongwe, adzabwerako manja ali m'khosi, ife oyamikira tili phee.

Ena amati kudzudzula kumafooketsa. Chofooketsa ndi kunyoza, osati kulangiza. Wonyoza amangoti chithunzi chaipa. Wolangiza amaloza pamene pakhota, kunena chifukwa chake, natchulanso pamene pawongoka kuti mwini wake adziwe choti asunge.

Boma lathu la Dedza silachilendo ku zaluso. Zojambula za pamiyala ya ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, zina zinali zophunzitsira pachinamwali, kumene anamkungwi sankanyengerera. Ku Mua, Bambo Claude Boucher Chisale adatsegula malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri osema adakulira kumeneko pophunzitsidwa, osati poomberedwa m'manja mokha.

Tsono inu odziwa kujambula, musaumire mawu. Muuzeni mwanayo zoona mwachikondi lero, msika usanamuuze mwankhanza mawa.