Mwana akafuna Cisipanishi, tiyambe taona ndondomeko

Sabata yatha pa msika wa Lundazi tinapeza bambo wina akugulitsa matumba a nshawa nkhope ili yakugwa. Mwana wake wamkazi watsiliza digili yoyamba, ndipo afuna kukacita digili yaciwili m'cilankhulo ndi mabuku a Cisipanishi. Anzake pamsikapo anali kumuseka kuti kodi Cisipanishi adzacilankhula ndi yani, thonje kapena fodya?

Ife sitinaseke. Cisipanishi ndi cilankhulo ca boma m'maiko 20, kuphatikizapo Equatorial Guinea muno mu Africa, komanso ndi cimodzi mwa zilankhulo 6 za United Nations. Ana athu amene anapita ku Cuba kukaphunzila udokotala anayamba aphunzila cimeneci asanagwile wodwala. Ife amene tinalawako Cilatini ku seminale tidziwa kuti Cisipanishi ndi mwana wa Cilatini, ndipo sicilowa m'mutu tsiku limodzi.

Conco makolo anzathu, tisamuletse mwanayo, koma tisagulitsenso ng'ombe tisanaone ndondomeko yake papepala. Palibe mlimi amene amathila feteleza asanagaule munda.

Coyamba ndi cilankhulo ceniceni. Masukulu athu amaphunzitsa Cifalansa kwambili, motelo ambili Cisipanishi amaciyambila pansi. Pali mayeso ochedwa DELE, oyendetsedwa ndi Instituto Cervantes, amene amayambila pa A1 kufika pa C2. Mayunivesite ambili amafuna B2 kapena C1. Mwana asanafike pamenepo, kulipila digili yaciwili n'kutaya mbeu pathanthwe.

Caciwili, asankhe makosi a mbali zonse ziwili: kapangidwe ka cilankhulo ndi mabuku ake. Pa mabuku ayambe ndi akale, monga Don Quijote wa Miguel de Cervantes amene anatuluka mu 1605, kenaka afike kwa alembi a ku Latin America monga Gabriel García Márquez, amene analandila mphoto ya Nobel mu 1982. Wodumpha akale sadzamvetsa zimene atsopano akuyankha.

Cacitatu, kosi ya kafufuzidwe aitenge msanga. Digili imeneyi imatha ndi pepala lalitali lolemba yekha, ndipo woicedwetsa amaonjezela caka, nafenso tionjezela matumba.

Cacinai, asasiye Cinyanja ndi Citumbuka pakhomo. Odziwa Cisipanishi padziko ndi miyandamiyanda, koma wodziwa Cisipanishi pamodzi ndi Citumbuka ndi wosowa. Akatenga kosi yomasulila, ndi kulemba pepala lake poyelekeza zilankhulozi, adzakhala ndi katundu amene ku Madrid alibe.

Cotsiliza ndi ndalama. Ngati pali thandizo la maphunzilo, kalata yake tiione ndi maso, inene ngati ilipila cakudya, pogona ndi ulendo wobwelela. Walila mvula walila matope: mwana akafuna maphunzilo akutali, avomelenso kukhala pansi ndi makolo kuwelengela zaka ndi makwaca.

Bambo uja tinamulangiza kuti akauze mwana wake alembe zonsezi, abwele nazo Lamulungu tikatuluka m'chalichi tidzaziwelenge pamodzi. Akabwela ndi pepala lomveka, nshawa zigulitsidwe mtima uli m'malo. Akabwela cimanjamanja, matumba ayambe adikila m'nyumba.