Injini yokana kutentha nayonso ikudwala

Sabata ino tikambeko za galimoto.

Tonse timaopa injini ikatentha mpaka kufuka nthunzi. Koma ikakana kutentha ambiri timasekerera, ati galimoto ndi yamphamvu. Dalaivala wina wa chapa ya Tete-Ulongué anandiuza zomwezi mwezi watha, akundilozera kamuvi ka kutentha katagona pansi chonsecho tayenda ola lathunthu. Posakhalitsa yemweyo anayamba kudandaula kuti galimoto ikumwa mafuta ngati chidakwa.

Abale, ziwirizi n'zapachibale. Injini yozizira imafuna mafuta ambiri, oilo amakhala wolimba osafika msanga ponse, ndipo zitsulo zimadyana m'kati mwakachetechete.

Kawirikawiri wolakwa ndi termostato, kachitsulo kamene pa galimoto zambiri kamakhala pomwe paipi ya madzi imachokera ku injini kupita ku radiyeta. Ntchito yake n'kutsekera madzi injini ikadali yozizira, n'kuwatsegulira akafika madigiri 80 mpaka 90. Ikafa ili yotsegula, madzi amangozungulira m'radiyeta n'kumazizira. Ndipo kuno kwathu nthawi zambiri siifa ayi, amachita kuichotsa amakaniko, ati ku Tete n'kotentha kale. Inde n'kotentha, ndani angakane? Nanga galimoto yomweyo ikakwera ku Angónia m'mamawa wa mwezi wa Juni?

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Lizani injini m'mawa ikadali yozizira, mugwire paipi yam'mwamba ya radiyeta, dzanja litalikire fani. Paipiyo iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenaka n'kutentha mwadzidzidzi. Ikayamba kufunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, ndiye kuti termostato ili yotsegula kapena mulibe. Mukaitulutsa, yabwino imakhala yotseka. Iponyeni mumphika wa madzi pamoto, muione ikutseguka madzi asanawire. Chitsekerero cha radiyeta chokha, chonde, musatsegule injini ili yotentha.

Termostato ikapezeka yabwino, onani fani ngati ikungozungulira mwamphamvu osapuma. Nthawi zina wabodza ndi kamuviko: mapaipi akutentha bwinobwino koma iko kali gone, vuto lili pa sensa kapena waya wake.

Dalaivala uja ndinakumana nayenso pa siteji Loweruka. Atatsegula, akuti, anapeza chibowo chokhachokha. Termostato inachotsedwa kalekale ndi mwini wake woyamba.