Ku Embangweni sitiwerengedwa

Mlamu wanga wa ku Embangweni adakhala zaka zambiri ku Joni, monga achitira amuna ambiri a kuno ku Mzimba. Pobwerera adanyamula malata, sola ndi dikoda. Malatawo sawatchula kawirikawiri. Dikodayo ndiye idamupatsa ulemu pamudzi, chifukwa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu madzulo, pabalaza pake pankadzaza anthu odzaonera Isidingo. Ana ankakhala pamphasa, akuluakulu pamipando, ochedwa ankasuzumira pawindo.

Sewerolo lidayamba mu 1998 pa SABC3, ndipo nkhani yake inali ya tauni ya migodi yotchedwa Horizon Deep. Mwina n'chifukwa chake lidatigwira mtima. Agogo athu adapita ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ndiye zipewa ndi nyali za pamphumi sizinali zachilendo kwa ife. Agogo ena ku Edingeni, omwe Chingerezi sachimva, ankamudziwa bwino Barker Haines wa m'seweromo ndipo ankamutukwana m'Chitumbuka ngati adawabera ng'ombe.

Mu Malichi 2020 Isidingo idatha. Eni wayilesi adati oonera achepa ndipo ndalama za otsatsa malonda zatsika. Mlamu wanga adandiimbira foni atakwiya. "Alamu, akuti oonera achepa? Abwere kuno adzaone nsapato zili pakhomo panga!"

Ndidaseka, komatu funso lake linali lolemera. Ku South Africa amawerenga oonera poika timakina m'nyumba zingapo zosankhidwa, timene timalemba zomwe banjalo likuonera. Nyumba zonsezo zili m'dziko lawo lomwelo. Kaya anthu adzaze balaza ku Jenda, ku Champhira kapena pa Boma, m'mabuku mwawo mulibe ngakhale mmodzi. Ndipo wotsatsa malonda wa ku Johannesburg alibe nafe ntchito, poti sitigula m'sitolo mwake. Ngakhale mu 2013, pomwe SABC idazimiririka pa madikoda ena aulere, a Philibao, palibe adatitsanzika. Tinali alendo osaitanidwa, odyera pamphepete.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha kwathu konkuno. Kuyambira 1999, pamene TVM idayamba kuulutsa, pulogalamu imakhala ndi moyo ikakhala ndi mwini thumba. Tikuferanji, ya Manganya uja, Michael Usi, idayenda zaka zambiri chifukwa bungwe la ADRA linali pambuyo pake. Anthu ankaikondadi, koma chikondi chokha sichilipira kamera ndi mafuta a galimoto. Mapulogalamu ena abwino ndidawaona akungosowa mwakachetechete: sabata ino alipo, sabata yamawa pamalo pake pali nyimbo za kwaya. Ukafunsa, yankho ndi lakuti pulojekiti idatha. A ku Joni amayesako kunena chifukwa chake. Kuno ngakhale chidziwitso cha maliro sichiperekedwa.

Mu Disembala 2023 SABC2 idatsekanso sewero lina, 7de Laan, koma ulendo uno mlamu sadandiimbire. Nditapita kukamuona chaka chatha, dishi inali padenga pomwepo, itachita dzimbiri m'mphepete. Anyamata anali pansi pa mtengo wa mango, aliyense ataweramira foni yake. Pabalaza tidakhala atatu, ine, mlamu ndi agogo a ku Edingeni aja, omwe adafunsa ngati Barker Haines adamangidwa pomaliza.