Jakisoni wa khansa ya prostate akaleka kugwira, musathawe chipatala

Amayi anzanga, lero tikambe za abambo athu akunyumba, makamaka amene akulandira jakisoni wa khansa ya prostate.

Prostate ndi kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Khansa yake imakula ndi homoni yachimuna yotchedwa testosterone. Nchifukwa chake madokotala amabaya jakisoni ngati Zoladex kuti homoniyi ichepe. Khansayo imafooka, mkodzo umayamba kuyenda bwino, bambo amabwerera kumunda.

Koma pakapita zaka zingapo, kwa ena matenda amadzukanso. Apa mpamene mabanja ambiri amasokonekera. Ena amati walodzedwa, ena amati achipatala alephera, basi ulendo wa kwa sing'anga, mbuzi nkugulitsidwa. Ine ndikuti ayi.

Chimene chimachitika nchakuti selo iliyonse ili ndi malangizo ake mu DNA, ndipo imatha kuyatsa ena nkuzimitsa ena. Maselo a khansa akasowa homoni, ena amafa, koma ena amachulukitsa timakomo tolandirira homoni kuti ngakhale kadontho kawakwanire. Ena amayamba kudzipangira okha homoniyo. Otsalawa ndi amene amaswana.

Kumbukirani malungo. Chloroquine atasiya kugwira, dziko lathu linasintha mu 1993 nkuyamba Fansidar, kenaka LA mu 2007. Palibe amene anatilodza. Tinangosintha mankhwala. Ndi khansanso chimodzimodzi: alipo mankhwala ena monga docetaxel ndi abiraterone, komanso ochepetsa ululu monga morphine. Dokotala ndiye amaona oyenera. Sikuti khansa yofalikira imatheratu, koma moyo umatalikirako ndipo ululu umachepa.

Ndiye inu mayi, gwirani izi. Tsiku la jakisoni lisaphonyedwe. Magazi a PSA ayezedwe monga adokotala anenera, chifukwa nambala imeneyi imakwera bambo asanayambe kumva kanthu. Sungani bwino buku lachipatala. Msana kapena chiuno chikamapweteka osasiya, kanenani. Miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukatsekeka, pitani tsiku lomwelo, osadikira tsiku la sikelo kapena la msika. Chipatala cha boma chingakutumizeni ku Kamuzu Central kapena ku Queens.

Abambo ambiri amachita manyazi ndi nkhani za kumusiku. Aperekezeni, ndipo mukalankhule zimene iwo akubisa.

Tumizirani ena uthengawu. Mafunso lembani m'munsimu.