Kusamba M'manja Kosalekeza Si Ukhondo, Ndi Matenda

M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unafika m'dziko muno, ndiponso mu 2022 pamene kolera anabuka, anthu a m'chigwa cha Henga, ku Mhuju ndi ku Phwezi komwe, analangizidwa kusamba m'manja ndi sopo. Anamvera, ndipo tiyenera kuwayamika. Koma pakati pathu alipo ena amene kusambako kunawasandukira goli.

Alipo mwana wasukulu amene amasamba mpaka khungu kung'aluka. Alipo bambo amene amadzuka kasanu usiku kukaona khola, chonsecho akudziwa bwino lomwe kuti anatseka. Madokotala amawatcha matendawa OCD. Amagwira pafupifupi anthu 2 mwa anthu 100 alionse, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akali wachinyamata.

Kayendedwe kake ndi kotere. Ganizo loopsa limamulowa munthu iye asakulifuna: kuti wadetsedwa, kapena kuti tsoka ligwera banja lake chifukwa cha iye. Pofuna kuti mtima ukhale pansi amasamba, amawerenga, kapena amabwerera kukaona chitseko. Mtima umakhaladi pansi, koma kwa kanthawi kochepa, ndipo ganizo lija limabweranso ndi mphamvu zoposa. Mwini wake amadziwa kuti zimenezi n'zopanda pake. N'chifukwa chake amabisa ndi manyazi.

Tsono kulakwa kwathu ndi uku. Timamuseka, timamunena ulesi, mwinanso timati walodzedwa. Ndalama za fodya zimathera kowombeza, mwana amasiya sukulu, ndipo agogo osalakwa amalozedwa chala, pamene lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti.

Matendawa ali ndi chithandizo. Pitani naye wodwala ku chipatala cha boma ku Rumphi, kapena kwa a St John of God ku Mzuzu, amene amasamalira odwala matenda a maganizo. Alipo mankhwala, monga fluoxetine, amene amayamba kuthandiza patapita milungu ingapo. Alangizi amamuphunzitsanso wodwala kupirira ganizo lija popanda kusamba, pang'onopang'ono, mpaka mantha atazilala. Inu abale, musamukalipire, komanso musamutungire madzi ena kuti asambenso, pakuti kutero ndi kusonkhezera moto.

Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, nkhaniyi ili m'manja mwanu. Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tiwafunefune anzathuwa ndi kuwaperekeza kuchipatala, kuti abwerere kusukulu ndi kumunda.