Malowolo asathere pa foni

Tikapita kumudzi kwa Kapichila ku Lundazi, agogo amatiuza kuti kale ng'ombe za malowolo sizinkapita tsiku limodzi. Mkamwini ankapereka imodzi, ina n'kudzatsatira mwana atabadwa. Ngongoleyo ndiyo inkamufikitsa kwa apongozi chaka ndi chaka.

Lero ku Lusaka amalume akuwerengera digiri ya mtsikana, ndipo ndalama zonse akuzifuna pa foni ukwati usanachitike. Zotsatira zake tikuziona ku Matero ndi ku Chawama: anzathu angolowana, ana awiri, makolo osadziwana.

Akikuyu a ku Kenya amati ruracio, malowolo awo owerengera mbuzi, munthu samaliza kulipira. Nafenso kulowola sitikukana. Amalume, tchulani mtengo, koma tiloleni tizilipira pang'onopang'ono, tizibwera pa Khrisimasi ndi shuga ndi chitenje cha amayi.