Chenjerani, ku Muscat ndi kutali

Amayi ndi atsikana, imvani. Makolo, nanunso tcherani khutu.

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali anthu amene akulonjeza ntchito ku Oman. Akukuuzani kuti tikiti ya ndege agula okha, viza akonza okha, ndipo mukanyamuka lero, mawa mwafika. Pa nkhani ya maola sakunama. Chinyengo chili pokuchititsani kuganiza kuti ndi pafupi.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Muscat, likulu la Oman, ndi makilomita pafupifupi 5,000. Palibe ndege yopita molunjika. Mukakwera pa bwalo la Kamuzu mumauluka maola pafupifupi 4 kukatera ku Addis Ababa, mudikire, kenako maola enanso pafupifupi 4, kuoloka nyanja, mpaka ku Muscat. Ndege imabisa mtunda. Mumakhala pampando, akupatsani chakudya, mugoneko pang'ono, basi mwafika. Miyendo siimva kanthu, ndiye mtima umati si patali.

Musayerekeze ndi ku Joni. Zinthu zikavuta ku Johannesburg, munthu amasonkha ndalama ya basi, n'kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza. Ku Muscat kulibe basi yobwera kuno. Khomo ndi limodzi, bwalo la ndege, ndipo pamafunika pasipoti ndi tikiti.

Apa ndi pamene alongo athu akugwidwira. Ambiri tikiti yawo imakhala yongopita. Akangofika, abwana amalanda pasipoti, nthawi zina ndi foni yomwe. Ntchito ya mu ofesi kapena mu shopu imene analonjezedwa ija imasanduka ya m'nyumba, kudzuka mbandakucha, kugona pakati pa usiku. Dongosolo la kafala limamangirira viza yanu kwa bwanayo. Mukathawa, amakanena kupolisi, wolakwa n'kukhala inu. Mukapempha kubwerera, amati bwezani kaye ndalama zimene iye analipira ejenti. Muzitenga kuti?

Izi si mphekesera. Mu 2024 BBC Africa Eye inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anavutika chonchi ku Oman, ndipo kuti abwerere panafunika anthu ndi ndalama zowaombola.

Inde, umphawi ukuluma, ndipo kufuna ntchito kunja si tchimo. Koma musanakwere ndege, funsani. Kontrakiti muione ndi maso anu, ikhale ndi dzina la bwana, malipiro ndi mtundu wa ntchito. Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukafunse ngati ejentiyo akudziwika. Funsaninso kuti tikiti yobwerera alipira ndani. Jambulani pasipoti, musiye kope kwa m'bale wanu.

Akakuuzani kuti musauze aliyense, kapena kuti pa bwalo la ndege mukaname kuti mukukaona abale, imani pomwepo! Malawi ali ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu. Tengani mauthengawo ndi nambala ya foni ya ejentiyo, mukanene kupolisi lero lomwe.